Nyemba Yoyera ya Atate

Ndikukumbukira fungo la utuchi pakhomo pathu ku Kalingalinga chaka chimene mlongo wanga Dalitso anabadwa. Atate anali kalipentala, ndipo macheka awo ankalira tsiku lonse. Koma Dalitso atafika kuchokera kuchipatala, woyera mbuu, tsitsi lachikasu, macheka aja anangoti zii. Mwanayo anali wachialubino.

Azakhali, mlongo wawo wa atate, anabwera kuchokera ku Matero atakwinya nkhope, nakhala pampando wosatha kukhoma. "Uyu mwana si wathu," anatero. "Kwathu kulibe vaso. Amake abwelele kwao ku Katete." Amayi anangowerama. Chimene chinandiwawa kwambiri n'choti atate sanawateteze amayi.

Ine ndinali kusekondale, ndipo bayoloje inali nthawi yanga yosinza. Sabata imeneyo aphunzitsi athu anabweretsa nyemba zofiira ndi zoyera. Anati m'maselo a thupi muli timbewu ta chibadwa, ndipo mwana amalandira tiwiritiwiri, kena kwa mayi, kena kwa bambo. Nyemba zija zinkaimira timbewuto: yofiira ikakumana ndi yoyera, yoyerayo imabisala, mwina mibadwo ingapo. Koma zoyera zikakumana zokhazokha, khungu limabadwa lopanda utoto wake. Tsiku limenelo tulo tinandithawa.

Nditafika kunyumba ndinatapa nyemba za ndiwo. Atate ndinawapatsa yofiira ndi yoyera, amayinso chimodzimodzi, n'kuwapempha kuti atsinzine, aliyense aponye imodzi pathabwa. Anaponya kangapo, kenaka zoyera ziwiri zinagundana.

"Batate, yoyela imozi siingakwanise yeka," ndinatero. "Inangu yachoka kuli imwe."

"Iwe, manje sukulu ikupunzisa kutukana bakulu?" anakalipa azakhali, amene anali atabweranso tsikulo.

Atate anatola nyemba yoyera imene anaponya ija. Kenaka anati agogo awo ankanena za mwana wina woyera kumudzi, amene pabanja sankakonda kumutchula. Azakhali anakumbukira mwadzidzidzi kuti minibasi za ku Matero zimavuta madzulo. Amayi sanapite ku Katete, ndipo mawa lake macheka analiranso: atate ankapanga kabedi kokhala ndi denga lotchinga dzuwa.

Masiku ano nkhani zotere zimakambidwa poyera, ngakhale pawailesi. Oyang'anitsitsa sanathe, koma Dalitso akamadutsa pamsika ndi chipewa chake chachikulu, ambiri amamuitana ndi dzina lake. Atate akalamba tsopano. Mlendo akafunsa kuti mnyamatayu anatengera ndani, amadziguguda pachifuwa, n'kunena kuti, "Ine."