Bere la Dona

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma m'mutu mwanga ndinali kale bwana wa bizinesi, ngakhale kabudula wanga anali ndi mawindo awiri kumbuyo. Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya cha ku Mkanda, komwe abambo anali tenanti. Chuma changa chonse chinali kalulu mmodzi wamkazi, woyera mbee, amene amalume anandipatsa. Ndinamutcha Dona chifukwa cha matama. Masamba a mbatata akafota pang'ono, ankangowanunkhiza n'kutembenuka.

Abambo sankamufuna. Tsiku lina analoza khola n'kunena kuti, "Iwe, kanthu kakoka kakungodya. Fodya akalowa m'chigafa kasanabereke, kalowa mumphika."

Kalulu wamwamuna analipo mmodzi yekha pa esiteti yonse, wa Feston, mwana wa akapitawo. Chinali chikalulu chonenepa, khosi ngati la munthu woyenda pa galimoto. Nditapita kukabwereka, Feston sanavute. "Mutenge, aise. Koma mwezi wonse uzinditungira madzi, uzitcheranso akalulu anga chisoso." Ndinavomera asanamalize n'komwe.

Ife tinkakhulupirira kuti akakhalitsa limodzi ana amachuluka, ndiye ndinawatsekera khola limodzi osawalekanitsa. Anamenyana mpaka ubweya kuuluka ngati thonje, Dona khutu kung'ambika. Koma tsiku lomwe ndinaona chikalulu chija chitamukwera, ndinavina mpaka nkhuku kuthawa.

Posakhalitsa Dona anafufuma. Mawere anatupa. Anayamba kuzula ubweya pachifuwa pake, kutola udzu kukamwa ngati wamera ndevu, n'kuyala kachisa pakona. Ndikalowetsa dzanja, ankandiluma. Ndinabweza wamwamuna uja n'kuyamba kulengeza. Pakhomo ndinati kukubwera ana asanu ndi atatu. Pofika kusukulu anali makumi awiri. Ndinalonjeza mmodzi kwa mtsikana aliyense amene anandisekerera, ndipo anyamata ndinawauza kuti akadzafuna kukwera njinga yomwe ndidzagule azidzayamba asamba.

Ndinadikira. M'mawa uliwonse ndinkapapasa m'chisa muja, osapeza kanthu. Mimba inayamba kuphwa, Dona analeka kulowa m'chisa, n'kubwerera ku matama ake. Kenako fodya analowa m'chigafa.

Abambo anabwera ndi mpeni, manja akadali akuda ndi utomoni wa fodya. Anasuzumira m'khola.

"Kadya ana ake. Kamfiti aka."

"Ababa, mwina mawa..."

"Gwira miyendo."

Ndinagwira. Mtima wa Dona unkagunda m'zala mwanga mofulumira. Anthu amati kalulu salira, koma amalira, ndipo kulira kwake ndi kwa khanda. Mpeni unali wobuntha, ndiye zinatenga nthawi. Nditayang'ana kumbali, abambo anandimenya khofi kuti ndione mmene mwamuna amachitira.

Amayi akutumbula, anaima. "A Phiri, tabwerani muone. Chiberekero chake n'chaching'ono, chouma. Uyu sanakhalepo ndi ana."

Abambo anasuzumira kamodzi. "Ndiye kanali kabodza. Thirani mchere."

Nkhani inathamanga kuposa njinga. Nyama isanapse, Feston anatulukira ndi gulu la anyamata, atanyamula chikalulu chake m'makutu.

"Moni abwana! Makumi awiri aja tawaitanani atipatse moni."

Anachitembenuza chagada n'kuchibweretsa pamphuno panga. "Taona apa. Ukuona chiyani? Palibe! Adadi anachifula chaka chatha kuti chinenepe." Anyamata anagwa pansi n'kuseka, wina mpaka kutsamwa. "Madzi a mawa usaiwale, aise. Mwezi sunathe."

Ndinatola mwala. Abambo anandigwira dzanja n'kulipotokola mpaka mwala kugwa. "Ukufuna akapitawo aike fodya wathu yense giredi ya zinyalala? Tidzadya iwe?" Kenako anauza amayi kuti apakule mwendo umodzi m'kambale, avundikire bwino. Ndine ndinakapereka kunyumba kwa akapitawo, nditagwada. Feston anaudya ndikuona, n'kunena kuti mchere wachepa.

Madzi aja ndinatunga mpaka mwezi unatha.

Lero ndimaweta akalulu ku Kamwendo, ndipo ndikudziwa kuti wamkazi akangokweredwa, ngakhale ndi wofula kapena wamkazi mnzake, thupi lake limatha kukhulupirira kuti muli ana. Amazula ubweya, amayala chisa, amadikira, kenako zimangotha zokha. Akanapeza wamwamuna weniweni, Dona akanabereka. Sananamize munthu. Ananamizidwa limodzi ndi ine, kungoti ine ndinatunga madzi, iye anaphikidwa. N'chifukwa chake kwanga wamwamuna ali ndi khola lakelake, wamkazi amangopita kukacheza n'kubwerako. Ndipo munthu akandibwereka chinthu mosavuta, akumwetulira, ndimayamba ndachitembenuza chagada.