Mayi wa m'galimoto yanga

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula ili ndi mkazi wake kale. Inali yogwirapo ntchito, yochokera ku Japan, ndipo ndikangoliza injini mawu a mkazi ankayamba kulongolola m'Chijapani, mapu n'kumaonetsa kuti ndili pakati pa nyanja chonsecho ndili pamsika wa Bangula, mbuzi zikudutsa. Nditatopa naye ndinakagula ku Blantyre ka GPS komata pagalasi, kokhala ndi mapu a kuno. Nakonso kanali ndi mawu a mkazi, koma wa Chingerezi.

Bambo anga sanamukonde mayi ameneyu ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba kukwera anali pakati pondifotokozera za dimba lawo, iye n'kulowerera kuti tikhotere kumanzere.

"Ameneyu ngwakwayani?" anafunsa. "Moni osapereka, wangofikira kulamula. Ndiponso akudula akulu mawu pakamwa."

Kunena zoona, mayiyo anali ndi zophonya zake. Ku Nchalo anandizungulitsapo m'minda ya nzimbe mpaka mafuta kutsala pang'ono kutha. Tikafika pa Bangula ankaumirira kuti tipitirire ku Chiromo, pamsewu umene madzi anadula kalekale. Bambo ankaseka mpaka kutsokomola. "Muuze atsike, ayambe iyeyo kuwoloka, ife timuone."

Kwathu kunali ku Makhanga. Kuti ndikafikeko pagalimoto ndinkachita kuzungulira ku Thabwa, fumbi lili koboo. Tsiku lina nditaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango umene unali pakhomo penipeni, ndinadina kabatani kosungira malo, n'kulemba kuti Kwathu. Amayi anali ataima pawindo ndi kapu ya madzi. Nditawauza chimene ndinkachita, anagwira pakamwa.

"Ndiye iweyo, mwana wanga, ungachite kuiwala kwanu?"

Amayi anamwalira chaka chotsatira. Tinawaika kumanda a kuseri kwa mudzi, ndipo bambo ankadzera kumeneko m'mawa uliwonse asanapite kudimba. Kenako kunabwera madzi aakulu. Mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudutsa m'mudzi mwathu, bambo anachita kupulumutsidwa pabwato, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala nane ku Nsanje. Sankadandaula. Ankangokhala pakhonde, maso awo akuchita ng'ala pang'onopang'ono.

Tsiku lina m'mwezi wotentha anandiitana. "Undiperekeze ndikawaone amayi ako maso anga asanatsekeke. Ndinachoka osatsanzika."

Galimoto tinaisiya pa Bangula. Kachipangizo kaja ndinakamatula n'kukaponya m'chikwama, osati chifukwa ndinkakafuna, koma kuopa manja aatali ndi dzuwa la kuno limene limasungunula pulasitiki. Tinawoloka pabwato, tinakwera njinga za kabaza mpaka pamene matayala anayamba kutitimira, kwinako tinayenda wapansi.

Ndinkadziwa kuti mudzi unapita, koma sindinkayembekezera zimene ndinaona. Kunali mchenga woyera wokhawokha, apo ndi apo bango. Kunalibe nyumba, kunalibe mjigo, ngakhale nkhalango ya kumanda. Bambo anatsogola molimba mtima, ndodo m'manja. Tinaloza uku, tinabwerera, tinalozanso kwina. Tinakumana ndi anthu awiri akukumba mbatata pamalo onyowa, koma anali obwera, sankadziwa kanthu. Mchenga unkaotcha mpaka kudutsa nsapato.

Dzuwa litafika pamutu, bambo anakhala pansi. Munthu amene ankadziwa khwawa lililonse kuchokera ku Makhanga mpaka kutsidya ku Mozambiki, kumene anabadwira, anayang'ana manja ake.

"Ndasochera pakhomo panga," anatero. "Tiye tizipita."

Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinatsegula chikwama kuti nditenge kansalu kopukutira misozi asanandione, dzanja n'kukhudza kachipangizo kaja. Nditakayatsa, batire linali litatsala kadontho. Ndinadina pa Kwathu.

Mayi uja anadzuka ndi khalidwe lake lomwe lija. Anayamba kutilamula kukhotera m'misewu imene kunalibe. Koma pagalasi pake mudzi wathu unalipo, ndi msewu wake wodutsa kusukulu, ngati palibe chinachitika. Mapu ake anali akale, nkhani ya madzi inali isanamufike. Ndinasiya kumvera mawu ake, n'kumangotsata kadontho kosonyeza pamene tili, kakuyandikira kambendera.

"Akuti chiyani?" anafunsa bambo akundilondola.

"Akuti tatsala pang'ono."

"Wabodza uyu ukumukhulupirira lero?"

Komabe sanaime. Tinayenda mwina mphindi khumi, ine ndikupemphera chamumtima kuti batire lipirire. Kenako mayiyo analankhula, ndipo ndinawamasulira: "Akuti tafika."

Panali mchenga ngati pena paliponse. Ndinachita manyazi, ndipo ndinali pafupi kupepesa. Koma bambo anavula chipewa, naomba m'manja katatu.

"Odi kuno!"

Anadikira pang'ono monga amachitira mlendo waulemu, kenako anayamba kufufuza mumchenga ndi ndodo yawo, akuzungulira. Chapatali pang'ono, mapazi ngati khumi, ndodo inagunda chinthu. Tinafukula ndi manja. Chinali chitsa chothyoka, ndipo bambo atakanda khungwa ndi chikhadabo n'kununkhiza, anagwedeza mutu. Unali mtengo wathu wa mango uja.

Anatsamira chitsacho ndi msana, nayang'ana kumene kunali khomo la nyumba. Ndinafuna kuwagwira dzanja.

"Usandigwire, undisokoneza."

Anatsinzina n'kuyamba kuyenda. Ine ndinkabwera pambuyo. Ndinawaona akulambalala nkhokwe imene panalibe. Patsogolo anatalikitsa phazi kudumpha ngalande imene mchenga unakwirira. Anakhota pamene panali khola la mbuzi la oyandikana nafe. Miyendo yawo inali kuyenda ulendo wa m'mawa uliwonse uja, ndipo sinaphonye.

Ataima, anagwada. Panalibe mtanda kapena mwala. Kaya panali pamanda penipeni kaya pambali pang'ono, ine sindingalumbire, ndipo sindinafunse. Anasalaza mchenga ndi chikhato monga ankachitira posesa pamandapo, n'kuyamba kulankhula motsitsa m'Chisena, chinenero chimene ankachezera ndi amayi akakhala awiri. Ndinangomvako zoti madzi anabwera mwadzidzidzi, zoti tsopano amakhala kwa mwana, zoti amadya bwino. Ndinapita kukaima patali kuti acheze momasuka. Nditayang'ana m'manja mwanga, kachipangizo kanali katazima.

Pobwerera, m'bwato, bambo anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno."

Ndinawapatsa. Anakatembenuza uku ndi uku, napukuta mchenga pagalasi ndi malaya awo, n'kukaika pamiyendo. Dzuwa linali likuswabe mtengo. Anavula chipewa chawo n'kukavindikira, mutu wawo wa imvi n'kukhala pamtetete.

"Bambo, valani chipewa, mudwala."

"Ayi, mayiwa atopa, asapse ndi dzuwa." Anaweramira chipewacho, naomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuthokoza m'Chisena: "Takhuta, mayi. Tonse tinataya njira, inu munatisungira."