Tinthu takuda timene anachotsa m'mimba mwa achimwene

Ena mukawerenga izi muziti ndapeka, koma ndikulumbira pali Mulungu, zinachitika m'nyumba mwathu ku Golomoti, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero mutu wanga sunazimvetse bwinobwino.

Achimwene anga, amene anandilera mayi atamwalira, anawapeza ndi khansa ya chiwindi. Mimba inatupa, maso anachita chikasu, munthu woti ankasenza thumba la mpunga ku Bwanje akuimba nyimbo anayamba kulephera ngakhale kapu ya madzi. Mwamwayi anawasankha kukalandira chithandizo kuchipatala china cha kunja, ine n'kupita nawo ngati gadiyani. Kumeneko dokotala anatifotokozera kuti mankhwala a khansa ozolowereka amayenda thupi lonse n'kumapweteka ndi malo abwinobwino omwe, koma awa amawatsekera m'timatumba ting'onoting'ono toti diso silingaone, ndipo timayenda m'magazi mpaka kukasonkhana pa chotupacho n'kutula mankhwala pomwepo. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma kunena zoona ndinkangoganiza za katundu amene timapatsira kondakitala wa minibasi kuti akatsitse pa Mtakataka. Dokotalayo anatsindikanso kuti magazi a wodwala chiwindi saundana msanga, choncho asavulale ngakhale pang'ono. Tinabwerera kumudzi kuti akapume, tidzapitenso kukalandira gawo lachiwiri.

Amalume, omwe ndiwo eni mbumba, anandiitana kuti ndiwauze zomwe tinakachita, ndipo ndinafotokoza monyadira, ngati ndine dokotala. Nditamaliza anafunsa kuti kanthu kopanda maso kamadziwa bwanji komwe kuli chiwindi, amakauza njira ndani, nanga kakamaliza ntchito kamatulukira pati, kapena kamayamba kudya china? Anati kwathu kuno chinthu choyenda chokha m'thupi la munthu chimakhala chochita kutumidwa, ndipo chotumidwa amachichotsa. Inu mukanayankha chiyani? Mafunsowo anayamba kundizunguza inenso.

Tsiku lina ndikuchokera kopalira mpunga ndinapeza njinga yachilendo pakhomo. Kulowa m'nyumba, mayo ine! Achimwene agona chagada pamphasa, amalume awagwira manja, bambo wina wosamudziwa wawatema mphini ndi lezala kumanja kwa mimba, m'munsi mwa nthiti, akuyamwa ndi kanyanga n'kumalavulira m'mbale. Ndinakuwa kuti asiye, koma bamboyo, wosatekeseka n'komwe, anandionetsa mbale ija. Pansi pa magaziwo panali tinthu takuda tambirimbiri. Anatulutsa maginito a m'wailesi, tinthu tija n'kudumphira pamenepo, kuimirira ngati ubweya. Ndinayandikira kuti ndionetsetse. Kodi dokotala uja sanati n'tosaoneka? Nanga ndikuonazi n'chiyani? Kapena takulira m'thupi momwemo?

Bamboyo anapaka mankhwala ake pa mphini zija n'kukwera njinga, koma magazi sanaleke. Ndinatsekapo ndi chitenje, chinanyowa, ndinavula mpango, nawonso unanyowa. Achimwene anayamba kuzizira, akundiitana dzina la malemu mayi. Amalume ankangoti ndi magazi oipa akutuluka, mpaka nawonso nkhope inasintha, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Kuchipatala achimwene anawaika magazi ndipo tsiku limenelo anapulumuka.

Chondisokoneza kwambiri n'chakuti atatsitsimuka ananena okha kuti mimba yapepuka, ululu wachepa. Anamwino anati mwina ndi mankhwala akunja aja ayamba kugwira, amalume anati n'chifukwa choti tinthu tija tachoka. Achimwene anakhulupirira amalume, pajatu amalumewo anali ndi mbale yoti aonetse, ine ndinali ndi pakamwa pokha. Nthawi yobwerera kuchipatala cha kunja chija itakwana achimwene anakana kwamtuwagalu, anati sangalole kuwaikanso zimene zinatsala pang'ono kuwapha pochotsa. Ndinagwada, ndinalira, ndinakalipa mpaka kunyoza akulu, osatheka. Anamwalira mpunga uja ukucha.

Patapita miyezi, ndikuchapa kumtsinje, ndinaona kamchenga kakuda m'mphepete mwa madzi. Sindikudziwa chinandiuza n'chiyani, ndinatapako n'kukayesa kunyumba ndi maginito. Unadumpha chimodzimodzi, n'kuimirira ngati ubweya. Zovala zija ndinaiwala kuyanika tsiku limenelo.

Lero ndimakhulupirira kuti m'mbale muja munali mchenga basi, ndipo bambo uja anabwera nawo m'kamwa. Zoti timatumba tija tikanawachiritsa sindikudziwa, dokotalayo sanalonjeze, ndipo komwe timathera tikamaliza ntchito mpaka pano sindinamve. Koma abale anga, mukakhala ndi wodwala chiwindi, lezala isamuyandikire, ndipo musachoke pamaso pa dokotala musanamufunse zonse zimene akumudzi akakufunseni. Amalume tinthu tija anatiika m'kabotolo, alendo akabwera amawaonetsabe. Ine choonetsa changa ndi manda.