Chiguduli Chonyowa pa Paipi ya Pikapu

Chaka chimene dambo lathu la ku Simlemba linauma mpaka kung'ambika, nazale yathu ya fodya inkadalira pikapu ya bambo a ana anga. Chitsime chimene tinkathirira chinaphwa mbande zitangomera kumene. Madzi odalirika anatsala ku damu la esiteti ina yakale, kutali koti munthu sangasenze ndowa. Ndiye tinkakweza madiramu m'pikapu, kukatunga, n'kubwera kudzathirira. Mbandezo zikanauma ndiye kuti chaka chimenecho tilibe fodya, ndipo ife kupatula fodya tilibe china chogulitsa.

Pikapuyo inali nkhalamba. M'mawa kukuzizira inkakoka bwino ndithu, koma dzuwa likangokwera inkayamba ulesi. Pa chitunda chochokera ku damu inkabuula ngati ng'ombe yolemedwa, ife tikuipempherera. Bambo ankati vuto ndi mpweya. Injini imapuma ngati munthu, ankatero, ndipo ikamakoka mpweya wotentha wa m'kati mwa boneti imafooka. Pamenepo sankanama, ngakhale makaniko wa pa Boma anavomereza. Koma amuna anga akagwira choona chimodzi amathamanga nacho osayang'ananso pansi.

Ali mnyamata anagwirako ganyu ku Lifupa, kumalo osungira nyama zakutchire, ndipo kumeneko anaona magalimoto onyamula alendo okhala ndi chipaipi chokwera m'mbali mwa galasi, chopumira pamwamba. Chipaipi chimenecho sichinawachoke m'mutu. Anadula paipi ya pampu yathu yopalasa ndi miyendo, imene inalibenso chopopa, naboola boneti, n'kuitulutsa mbali imene ndimakhala ine, kukamwa kwake kuloza kutsogolo. Sefa ya mpweya, imene imatchinga fumbi, inakana kulumikizana ndi paipi yatsopanoyo. Anaichotsa n'kuiponya pa denga la chigafa.

"Nanga fumbi, bambo?" ndinafunsa.

"Fumbi limayenda pansi, mayi. Kumwambaku kuli mphepo yokhayokha. Komanso taonani ichi."

Anatenga chiguduli chomangira mabelo, nakulunga nacho paipi yonse mpaka kukamwa, n'kumanga ndi mphira. Mlimi wa fodya aliyense amachidziwa chiguduli chonyowa. Timafunditsa nacho fodya akauma kwambiri kuti asanyenyeke, timakulunga nacho chigubu kuti madzi akumwa azizire. Kwa bambo chiguduli chinali sefa, chinalinso firiji. Ntchito yanga inali kukhala ndi kapu ndi chigubu pamiyendo, kutulutsa mkono pawindo, kumathira madzi galimoto ikuyenda.

Ndisaname, masiku oyamba zinatheka. Pikapu inakwera chitunda chija dzuwa lili paliwombo, osabuula. Bambo anayambitsa nyimbo ya kwaya akumenya chiwongolero, ndipo ine ndinavomera. Koma mtima unkandiwawa ndi kapu iliyonse. Madzi amenewo ndinali nditawatunga ndekha ndi ndowa, msana ukuphwanya, ndipo mabedi a mbande a kumapeto anali atayamba kale chikasu. Chiguduli chinkamwa osakhuta. Ndikathira pa mtengo uwu, pofika pa mtengo uwo chauma.

Msewu wathu mu Okutobala ndi fumbi lofiira lofika m'akakolo. Lole ikadutsa, ngakhale ngolo imene, fumbi silisankha pansi kapena pamwamba. Linkamatirira pa chiguduli chonyowacho n'kusanduka phala, ndipo injini inkayamwa phalalo. Ndinaona ndi maso anga matope akulowa m'paipi. Nditanena, anandiuza kuti ndithire madzi ambiri atsuke. Ndinathira. Galimoto ikanaima pakati pa njira mbande sizikanamwa tsiku limenelo, ndipo nzeru ina yoposa yawoyo ine ndinalibe.

Utsi unayamba kutuluka wabuluu. Kenako oilo ankatha ngati wina akuchita kumwa. Tsiku lina pa chitunda chomwe chija pikapu inatsokomola, n'kunjenjemera, n'kukhala chete, madiramu ali odzaza. Ng'ombe za mlamu wanga ndizo zinaikokera kunyumba, anthu akutuluka m'makomo kudzaonerera. Makaniko uja atabwera anatsegula injini, napisa chala, n'kutionetsa dothi. Anati m'kati monse mwadyeka. Kenako anapempha madzi osamba m'manja, ndipo ndinam'patsa monyinyirika.

Madzi a m'madiramu aja sanachedwe kutha. Tinayesa njinga ndi zigubu, koma zigubu ziwiri pa nazale yonse ndi kuseka nthaka. Tinapempha ngolo kwa abale ndi kwa a mpingo, koma aliyense anali ndi nazale yake yofuna madzi, ndipo sindingawanene. M'mawa uliwonse ndinkapita kukaona zimene ndinkazidziwa kale. Mbande zinapsa bedi ndi bedi, mpaka panatsala udzu wokhawokha umene tinaphimbira. Ndinkafunitsitsa kukalipa. Mawu ndinali nawo, okonza kale, koma munthu womukalipirayo ankangokhala pa khonde atagwira tsaya, chakudya osachikhudza. Ndinawameza mawuwo.

Mvula inabwera pa nthawi yake chaka chimenecho, yabwino, yofatsa, yoti mlimi aithokoze. Anzathu amene mbande zawo zinapulumuka anathamangira ku minda kukawokera. Mizere yathu tinali titaunga kale. Inanyowa bwinobwino, yopanda choikapo.

Ndili chiimire pakhomo ndinaona bambo akutuluka m'mvulamo ndi pepala la pulasitiki, kulunjika pansi pa mango pamene ng'ombe zinasiya pikapu. Anaphimba kukamwa kwa paipi ija, namanga ndi mphira mosamala kwambiri, kuti madzi asalowe mu injini yakufa. Atabwerera anaima pambali panga malaya akudontha, nakoka mpweya wambiri m'mphuno.

"Mwaumva mpweyawu, mayi?" anatero. "Lero ikanakwera chitunda chija osasintha n'giya yomwe."