Kagalimoto ka aTembo ka Mawu Awiri

Ndikakumbukira aTembo, aneba athu ku Chipata, ndimamva fungo la oilo wopserera losakanikirana ndi la mango owola pansi pa mtengo umene ankakonzerapo galimoto za anthu, ndiponso kulira kwa injini kumene kunkabalalitsa nkhuku za amayi m'mawa uliwonse.

Anali ndi kagalimoto kawo kofiira ka ku Japan, ka mawu awiri. Kakamayenda pang'onopang'ono kankang'ung'udza ngati njuchi, koma ukaponda mafuta, pena pake kankasintha n'kuyamba kukuwa. ATembo ankati pamenepo mavavu, tizitseko ta mpweya ta mu injini, ayamba kutseguka kwambiri kuti injini ipume mokwanira. Pansi pa chiwongolero anamangapo kabokosi ka mabatani, kosankhira poti kusinthako kuzichitikira.

"Ukaidzutsa msanga imatsamwa, ukachedwa imagona," ankatero. Ine ndinkagwedeza mutu ngati ndamva, chonsecho ndinkaganiza kuti m'kabokosimo muli injini ina yaing'ono.

Ndiye mwana wawo Esinati anapeza banja, ukwati wake ku tchalitchi cha ku Chiparamba. ATembo analumbira kuti mwana wawo sakwera galimoto yobwereka. Koma galimoto za ukwati zimayenda mondondozana, pang'onopang'ono, mahutala ali pii pii, ndipo pa liwiro limenelo kagalimoto kaja sikakanakuwa. Zinawapweteka. Anayamba kudina mabatani, kutsitsa posinthira paja.

"Atate ake Esinati, mwanayu akufuna kufika, osati kumveka," anatero akazi awo.

"Adzafika akumveka."

Tsikulo anandikhazika kutsogolo, keke ili pamiyendo. Titasiya tala n'kulowa mumsewu wafumbi, liwiro la mdipiti wathu linagwera ndendende pamene anaika paja. Injini ikati ikuwe, n'kuleka, ikuwe, n'kuleka. Galimoto inkanjanja ngati mbuzi ya pachingwe, ine chibwano chili mu keke.

"Adadi, yafa kodi?" anafunsa Esinati kumbuyo.

"Sinafe, mama. Ikuganiza."

Thukuta lili kamukamu, anaima pambali n'kuyamba kufufuza mabatani, osadziwanso ngati akukweza kapena akutsitsa. Anafunsa ngakhale ine, mwana wa giredi folo, kuti poyamba paja panali pati. Ndinaloza batani lofiira chifukwa linali lokongola.

Amalume a mkwati wamwamuna anaimika galimoto yawo pafupi, natsegula chitseko, naitana aTembo monga amaitanirana makolo a ana okwatirana. "Asebele, bwerani nayeni kuno mwanayo. Abusa akudikira."

ATembo anangoyang'ana chiwongolero.

Esinati anakweza velo. "Adadi, kasiyeni kabokosiko. Ikani giya yoyamba, ikuwe mpaka tikafike."

Tinayendadi choncho, liwiro la njinga, phokoso la ndege. Ng'ombe zinathawa m'madimba, kwaya inasiya nyimbo pakati, azimayi a nthungululu anatsegula pakamwa koma palibe anawamva. Esinati anatsika m'galimoto ya atate ake makutu atagontha, moti pomulumbiritsa abusa anachita kubwereza funso.

Lero ndine wamkulu, ndipo ndawerenga za mavavu amenewa mpaka maso kuwawa. Ndimatha kuwafotokoza pa shopu mpaka anthu kuyamba kuchoka mmodzimmodzi. Koma ngati aTembo analakwa potsitsa, kapena analakwa posatsitsa mokwanira, sindikudziwabe. Mnyamata wina wa galimoto yotere atandifunsa posachedwa kuti posinthira aike pati, ndinakanda mutu kwa nthawi, kenako ndinamufunsa ngati ali ndi mwana wamkazi.