Mowa wa pa pepala la kuchipatala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, nditangotha milungu itatu ku Seke, m'dziko la anthu olankhula Chishona, kuchokera kwathu ku Dedza. Munali m'zaka za m'ma 1980, ndili mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, Chishona ndikungodziwa moni basi. Amalume anamva kutchalitchi kuti a Mbewe, eni butchala ina ku Huruyadzo, akufuna wophika. "Ndi munthu wakwathu ameneyu," anatero amalume, "sukavutika chilankhulo." Mawu amenewo ndikawakumbukira mpaka lero mtima umachita kuwira.

A Mbewe ankakhala ku Zengeza 2. Makolo awo anali a ku Ntcheu koma iwo anabadwira konkuno, moti Chichewa ndi Chishona zonse ankazilankhula ngati madzi. Akazi awo, mai a Tendai, anali Mshona, mphunzitsi wochoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Ankafuna wophika chifukwa bambowo anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo paphazi anali ndi kabala kosamva mankhwala. Tsiku loyamba mai anandilozera pepala lomata pachitseko cha kabati. Analemba ndi anesi, m'Chishona: mbali ina zakudya zololedwa, mbali ina zoletsedwa. Mai anandiuza mwa manja ndi Chichewa chawo chothyokathyoka kuti ndikaphonya pepalalo, ntchito yatha. Ine ndinkadziwa kuti ntchito ikatha ndikwera basi ya ku Malawi, poti kwa amalume tinkagona asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi.

Pepalalo silinandiwopse. Nyama ndi nyama, mazai ndi mazira, kabichi ndi kabichi. Kumbali yoletsedwa ndinawerenga shuga, mupunga, makaroni. Mawu awiri okha ndiwo anandiimitsa. Pa zoletsedwa panali "doro", pa zololedwa panali "mowa", wodulidwa mzere kunsi kwake. Mai atapita kusukulu ndinafunsa a Mbewe. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, n'kumwetulira.

"Doro ndi ndiwo zina zakuno, mwana wakwathu, zisiye. Koma mowawo wawerenga wekha. Amati umatsuka shuga m'magazi."

Ndinadabwa, koma ndine ndani woti nditsutse anesi? Mlendo amayenda ndi maso a mwini mudzi.

Ntchito yeniyeni inali pa supageti. A Mbewe ali mnyamata anaphikirapo Mtaliyana wina m'tauni, ndiye nsima ankatha kuisiya koma supageti ayi. Mai analola kamodzi pamlungu, Lachisanu, ndipo muyeso anandionetsa okha: timitengo ta supageti tongokwana kukamwa kwa botolo, kenako kuchotsapo theka. Kamtolo kameneko kakapsa sikadzaza n'kapu yomwe. Ndiye ndinapeza nzeru zanga. Ndinkanola mpeni pasitepe ya simenti, kudula kabichi yopyapyala ngati ulusi, kuiviika m'madzi owira kanthawi kochepa, kuikhetsa pa sefa, n'kuisakaniza ndi supagetiyo kuti mbale ioneke yodzaza. Pamwamba ndinkathira nyama yogaya yokazinga ndi anyezi ndi tomato, msuzi wake wosathira ufa kapena shuga, wongouphika mpaka ulimbe wokha. Masiku ena anali a mazira, nsomba, chiwindi ndi lepu, kansima kochepa ngati chibakera cha mwana. Ndinkanyadira ntchito imeneyo, osanama.

Ndipo masana aliwonse, pambali pa mbale yoyezedwa mosamala chonchi, ndinkaika mabotolo awiri a mowa. Bambo ankabwera nawo okha m'chikwama pobwerera nkhomaliro, ine kuwaziziritsa m'ndowa ya madzi. Mabotolo otha ankati ndiziwaika kuseri kwa khola la nkhuku, ati mai ndi a chigwirizano kutchalitchi, sakonda kuwaona ngakhale ali mankhwala. Pamenepo ndikanayenera kutsegula maso, ndikuvomera. Koma madzulo aliwonse mai ankandifunsa kuti, "Sisi, baba vadya mowa here?" Ine n'kuyankha kuti ee. Ndinkangoti kaya Achishona mowa amachita kudya. Mai ankasangalala, bambo ali pampando, nyuzipepala kumaso.

Miyezi iwiri inatha. Bala lija m'malo mouma linkakula. Bambo ankamwa madzi ngati ng'ombe, kuchimbudzi osatha. Ine ndinachepetsanso nsima, kuganiza kuti ndikulakwitsa muyeso.

Tsiku loipalo linali Lachisanu. Bambo anabwera ndi mabotolo anayi, nkhope ili gwa. Atakankha kabichi ndi foloko anakalipa kuti iwo si kalulu wa m'khola, nalowa okha kukhitchini, kukhuthulira paketi yonse ya supageti mumphika. Ndinati, "Bambo, pepala likukana." Anati nyumba ndi yawo, pepala silinagule mbaula. Anadya mbale ziwiri, mabotolo onse anayi n'kutha. Cha m'ma fili koloko ndinawapeza atatsetsereka pampando, akupuma mofulumira, milomo ili gwaa, akulankhula zosamveka. Ndinathamanga wopanda nsapato kukagogoda kwa aneba omwe anali ndi galimoto, n'kuwatengera kuchipatala.

Mai anabwera madzulo kuchokera kuchipatalako maso ali psuu. Anesi anali atawauza kuti mwamuna wawo akununkha mowa. Anazungulira nyumba mpaka anapeza mulu wa mabotolo kuseri kwa khola, nayamba kuwaponya pabwalo limodzilimodzi, anthu a mumsewu wonse atadzaza pampanda. Ananditchula mfiti, wakupha, Mubhurandaya (dzina lonyozera ife a ku Malawi) wobwera kudzamaliza mwamuna wawo. Ine ndinathothola pepala lija pakabati, chala chili pa liwu lodulidwa mzere, ndikukuwa kuti, "Mowa! Munandilozera nokha! Mumandifunsa nokha!"

Mai anaima. Anapita kumpanda, anazula chitsamba, nachiponya pamapazi panga. "Mowa ndiwo uyu!"

Bonongwe. Mayo ine, bonongwe! Ndiwo zomwe zinamera mpanda wonse, zomwe ine ndinkathyola n'kudya ndekha kukhitchini poopa kupatsa bwana ndiwo za amphawi. Mayi wina woyandikana nafe, wa ku Mangochi, ndiye anandinong'oneza kuti doro ndiye mowa wakumwa. Anthu anaseka, ine ndikulira ndi ukali.

Sindinagonje. M'mawa mwake ndinakakamira kupita ndi mai kuchipatala kuti bambo anene okha. Tinawapeza atatsitsimuka, botolo la madzi lili pamkono. Mai anawafunsa m'Chishona, iwo anayankha m'Chishona, ndipo ndinatolapo zokwanira: mtsikanayu sadziwa chilankhulo, ine ndinkangolandira zomwe wandipatsa. Ndinayandikira bedi n'kufunsa m'Chichewa, chilankhulo chomwe ankanditchulira mwana wakwathu: "Bambo, doro munati n'chiyani?" Anatembenukira kukhoma.

Mai ndikhulupirira anamva, poti sananditukwanenso. Koma mwamuna ndi wawo, ine ndinali sisi wantchito chabe. Madzulo omwewo ndinanyamula kachikwama kanga kubwerera ku Seke, ndipo kutchalitchi nkhani inafika ine ndisanafike: mphwake wa uje anamwetsa wodwala mowa. Amalume anayenda chozolika mwezi wathunthu. Ku Dedza sindinabwerere kokha chifukwa mayi wa ku Mangochi uja anandiitana kuti ndizimuthandiza kugulitsa masamba pamsika. Kumeneko ndinaphunzira dzina lililonse la ndiwo m'Chishona, mokwiya, ngati ndikubwezera.

Ndaphikira odwala shuga ambiri chichokereni pamenepo, ndipo kabichi wanga wa ulusi amamukonda. Koma pepala lililonse la kuchipatala ndimaliwerenga ndi yemwe analilandira, chinthu chilichonse andionetse m'manja, ndipo wodwala sindimufunsa kuti andimasulire zomwe zamuletsa. A Mbewe ndinadzakumana nawo patapita zaka ku Huruyadzo, akuyenda ndi ndodo, phazi lija atalidula zala. Anaima patebulo langa nati, "Mwana wakwathu, uli bwanji?" Ndinatenga mpukutu wa bonongwe, ndinawaikira m'manja, ndipo ndinawayankha m'Chishona.