Kukaonera achimwene akumenya kiriketi

Loweruka ndinanyamuka ku Area 14 mame asanaume. Chisamukire kuno, pamene bwana wa abambo anabwera ndi boma, achimwene anga a Lemani anatsala ku Zomba, kumene amatchetcha bwalo la kiriketi. Tinamva kuti timu yawo yabwera kudzasewera ku Old Town, ndipo yawatenga poti wina wadwala. Ndinkafuna kuwafunsa ngati adzabwere kudzakhala nafe.

Ndinayenda wapansi mpaka ku City Centre, kumene maofesi akumangidwa pakati pa tchire. Basi inali ya matambala asanu. Kondakitala ataona nsapato zanga zofiira ndi fumbi anati, "Iwe, dothi la bomali ukupita nalo kuti?" Ndinangoyang'ana pansi.

Ndinatsika titawoloka mlatho, ndipo ndinafika pabwalo dzuwa lili paliwombo. Ndinaima kunja kwa chingwe, pafupi ndi bambo ena okalamba, atelala, amene ankadya mtedza.

"Ukuchimva chimene ukuonachi, mwanawe?"

"Ayi, bambo."

"Awiri agwira matabwawo ndi maopena, oyamba kumenya. Akathamanga n'kusinthana malo, ndi rani. Mpira ukagubuduka mpaka pachingwe pano, folo, marani anayi."

Posakhalitsa mpira unagwetsa timitengo tozikidwa kumbuyo kwa mmodzi wa iwo, iye n'kutuluka atazolika. Atelala aja anati, "Auti. Ndiponso wapanga daki, alibe rani ndi imodzi yomwe. Wangodzaonetsa thalauzi."

Nditawauza za achimwene anati, "Wotchetcha udzu? Ameneyo ndi leveni, womaliza. Khala pansi."

Achimwene analowa dzuwa litapendeka, atavala zoyera zowakulira. Anali ataonda. Anamenya, nathamanga, namenyanso. Kenaka mpira wa mnzawo unawakhidwa m'mwamba, ndipo onse anayamba kutuluka.

"Nanga achimwene alakwa chiyani?"

"Palibe. Iwo ndi noti auti. Koma kuno munthu samenya yekha. Anzako akatha, nawenso umachoka."

Galimoto ya ku Zomba inali italiza kale injini pamene achimwene anandiona. Anathamangira kuchingwe.

"Esinati, wabwera wekha? Wakulatu. Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino. Achimwene, kodi mudzabwera kudzakhala nafe?"

Anayang'ana bwalo, kenaka galimoto. "Kuno ali naye kale wotchetcha," anatero motsitsa. Hutala inalira, iwo n'kundigwira paphewa, n'kupita.

M'basi yobwerera ndinkanena mawu a kiriketi aja chamumtima kuti ndisawaiwale, kuti tsiku lina ndidzakhale ndi zocheza ndi achimwene. Tsikulo ndinacheza nthawi yaitali ndi munthu wosamudziwa kuposa achimwene anga.